Dzimbiri, Mabatire ndi Mapoto: Zomwe Zimachitika Maelekitironi Akasamuka

Injini ya boti ikatsamizidwa pamchenga ku Msaka, ku Malindi kapena kwa Makanjira, muyang'ane kumunsi kwake, pamwamba pang'ono pa pulopela. Mupezapo kachitsulo kotuwa, kopanda penti, komangidwa ndi bawuti imodzi. Pa injini yatsopano kamakhala kosalala. Pa injini imene yapita ku usipa zaka zingapo kamakhala kokumbikakumbika, m'mphepete mutadyeka, chonsecho thupi la injiniyo pambali pake lili bwinobwino. Ena popenta injini amakapentera kumodzi kuti zonse zioneke zatsopano, osadziwa kuti akaletsa ntchito. Kachitsuloko ndi anode, ndipo kanaikidwa dala kuti kazidyeka m'malo mwa zitsulo zodula za injini. Chitsulo chingadyeke bwanji m'malo mwa chinzake? Yankho lake ndi lomwelo limene limafotokoza dzimbiri la pa khasu, batire ya sola, ng'anjo za makolo athu, komanso chimodzi mwa zifukwa zomwe miyala ya aluminiyamu ya ku Mulanje idakali m'phiri.

Tiyambire pa atomu, kachidutswa kakang'ono kwambiri komwe zinthu zonse zinapangidwa nako. Pakati pake pali mphamvu ya pozitivu, kunja kwake kuli maelekitironi okhala ndi mphamvu ya negetivu, ndipo ziwirizi zikalingana atomu imakhala yosapendekera mbali. Zitsulo zonse zili ndi khalidwe limodzi: maelekitironi ake akunja sagwiridwa zolimba. Ndi chifukwa chake waya amadutsitsa magetsi, pakuti magetsi a mu waya si kanthu kena koma maelekitironi oyenda. Atomu ya chitsulo ikataya elekitironi imodzi, awiri kapena atatu, pozitivu amachuluka ndipo imasanduka chomwe chimatchedwa ion. Ion ilibenso maonekedwe a chitsulo. Siwala, silira mukaimenya, simungaisule. Imasungunuka m'madzi, kapena kugwirana ndi zina n'kukhala mchere, mwala kapena dzimbiri.

Kutaya maelekitironi ndiye oxidation. Kuwalandira ndiye reduction. Ana okonzekera mayeso a MSCE amaloweza ziwirizi ngati mitu iwiri, koma sizichitika paderapadera. Zili ngati malonda a pagombe: msodzi sanganene kuti wagulitsa chambo popanda wina amene wagula, ndipo nsomba zomwe zachoka m'boti ndi zomwezo zalowa m'dengu. Maelekitironi otayidwa mbali ino amalingana chiwerengero ndi olandiridwa mbali inayo. Wolandira amene timakhala naye tsiku ndi tsiku ndi okosijeni, yemwe ndi pafupifupi 21 peresenti ya mpweya umene timapuma. N'chifukwa chake mabuku ena amangoti oxidation ndi kuphatikana ndi okosijeni ndipo reduction ndi kuchotsedwa kwake. Sakunama, koma aipanikiza nkhani. Klorini imalanda elekitironi ya sodiyamu popanda okosijeni ndi pang'ono pomwe, n'kupanga mchere womwe timathira m'ndiwo, ndipo sodiyamuyo wachita oxidation basi.

Dzimbiri limafuna madzi ndi okosijeni, zonse pamodzi. Izi mungaziyese pakhomo. Ikani msomali wopalidwa bwino m'botolo la madzi owiritsa, popeza kuwiritsa kumathamangitsa mpweya, ndipo muthire mafuta ophikira pamwamba kuti mpweya wina usalowe. Wina muutsekere m'botolo louma gwa. Wachitatu muumize theka m'madzi wamba osatseka. Pakapita masiku ochepa wachitatuwo ukhala utafiira, anzakewo akadali oyera.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti pansi pa dontho limodzi la madzi pamachitika ntchito ziwiri m'malo awiri osiyana. Pakati pa dontholo, pomwe mpweya sufikapo kwenikweni, maatomu a ayironi, chitsulo cha makasu ndi misomali, amataya maelekitironi awiriawiri n'kusungunukira m'madzi. Pamenepo ndi pomwe pamakumbika. Maelekitironiwo amayenda m'kati mwa chitsulo chomwecho mpaka m'mphepete mwa dontho, momwe okosijeni ndi wambiri, ndipo okosijeni ndi madzi amawalandira. Zotuluka mbali ziwirizi zikakumana, okosijeni wina n'kuwonjezerapo, zimapanga ufa wofiirira uja. Ndiye kuti chitsulo chimabooka pobisika, osati poyera. Muone pomwe denga limayambira kudontha: pansi pa masamba a mango ounjikana, kapena pomwe malata awiri asanjikizana n'kumasunga chinyontho. Muone mzati wachitsulo wa mpanda, umathyokera pomwe walowera m'nthaka. Njinga ya kabaza imayamba kubooka mudigadi kunsi, komwe matope amakakamira. Kuipa kwina kwa dzimbiri n'kwakuti silimata. Limatupa, n'kusweka, n'kuyoyoka, n'kusiya chitsulo chatsopano poyera kuti nacho chidyeke. Limatenganso malo aakulu kuposa chitsulo chomwe lachokerako, moti zitsulo za m'konkire zikayamba dzimbiri zimang'amba konkireyo kuchokera m'kati.

Mchere umafulumizitsa zonsezi chifukwa ma ion ake amathandiza madzi kudutsitsa magetsi. Apa ife a kunyanja ya Malawi tili ndi mwayi, madzi athu alibe mchere wambiri poyerekeza ndi a ku Beira kapena Nacala. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa, inalumikizidwa ku Monkey Bay n'kulowa m'madzi mu 1951. Kuti yatha zaka zoposa 70 ndi ntchito ya okonza ndi opaka penti, inde, koma madzi opanda mchere nawo athandizapo.

Zitsulo sizifanana msanga wake potaya maelekitironi. Akatswiri anazindandalika kuyambira chopupuluma kwambiri mpaka chouma manja: potaziyamu, sodiyamu, kashiyamu, magineziyamu, aluminiyamu, zinki, ayironi, tini, mtovu, mkuwa, siliva, golide. Sodiyamu ndi wofewa moti amadulidwa ndi mpeni, ndipo amasungidwa m'mafuta chifukwa kachidutswa kake kakagwera m'madzi kamathamangathamanga pamwamba kakutulutsa mpweya wa haidirojeni. Potaziyamu ndiye amayaka moto pamadzi pomwepo. Zinki ndi ayironi m'madzi ozizira sizionetsa changu chotero, koma mu asidi wosukuluka zimasungunuka zikutulutsa thovu. Mkuwa mu asidi yemweyo umangokhala phee. Golide angakhale mumtsinje zaka zikwi zambiri osasintha. Pamndandandawu amaikaponso zinthu ziwiri zomwe si zitsulo kuti zikhale poyezera: kaboni, yemwe ndiye mbali yaikulu ya makala, amakhala pakati pa aluminiyamu ndi zinki, haidirojeni pakati pa mtovu ndi mkuwa.

Lamulo lake ndi limodzi. Chitsulo cha pamwamba chikakumana ndi ma ion a chitsulo cha pansi, chimawapatsira maelekitironi. Mukamiza msomali m'madzi abuluu a copper sulphate, omwe ali ndi ma ion a mkuwa, pakangopita mphindi zochepa umavala chikuto chofiirira cha mkuwa weniweni, ndipo madziwo pang'onopang'ono amasuluka n'kuyamba kubiriwira. Ayironi walowa m'madzi, mkuwa watuluka. Mukatembenuza, n'kumiza waya wa mkuwa m'madzi okhala ndi ma ion a ayironi, mudikira mpaka kutopa. N'zomvetsa chisoni kuti m'masukulu ambiri a masana ana amangomva zimenezi pakamwa pa mphunzitsi, pomwe kuona msomali umodzi ukusintha mtundu kukanawakhalitsa phunziroli m'mutu kuposa kuloweza kwa teremu yonse.

Mndandandawu umatiuzanso mmene chitsulo chilichonse chimapezekera m'nthaka. Osaka golide m'mitsinje ya kwa Makanjira amangotsuka mchenga, chifukwa golide sanataye maelekitironi ake kwa wina aliyense ndipo amapezeka ali chitsulo kale. Ayironi sapezeka choncho. Ali m'miyala ndi m'dothi lofiira atagwirana ndi okosijeni, ndipo kuti atuluke pafunika wina womubwezera maelekitironi. Makolo athu anamupeza winayo, ndi makala. Ku Nkope, m'boma lino la Mangochi, katswiri wofukula zakale Keith Robinson anafukula m'zaka za m'ma 1960 mapale a miphika ya anthu oyambirira kusula zitsulo m'dera lino, omwe anakhalako zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo miphika ya mtundu umenewo imadziwika ndi dzina la Nkope mpaka lero. M'ng'anjo yadothi ankasanjikiza miyala ndi makala, mpweya n'kumalowa ndi mivukuto kapena timabowo ta pansi. Makala oyaka mumpweya wochepa amatulutsa carbon monoxide, mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweya umenewu umalanda okosijeni wa m'miyala n'kusiya ayironi. Moto wa ng'anjo unkafika madigiri pafupifupi 1,200, osakwana 1,538 pomwe ayironi amasungunukira, ndiye chinkatuluka si madzi a chitsulo ayi koma chibuluma cha mabowomabowo chosakanikirana ndi zinyalala, chomwe wosula ankachitenthetsanso n'kuchimenya mpaka chiyere. Makala amatha kuchita zimenezi kwa ayironi, zinki, tini, mtovu ndi mkuwa chifukwa kaboni ali pamwamba pawo. Kwa aluminiyamu sangathe. N'chifukwa chake aluminiyamu, ngakhale ndi chitsulo chochuluka kuposa china chilichonse m'nthaka ya dziko lapansi, anthu anamupeza mochedwa kwambiri.

Tsono malata. Lata ndi chitsulo cha ayironi chomwe chamizidwa mu zinki wosungunuka, ndipo timaluwa totuwa tomwe timaoneka pa lata latsopano ndi zinkiyo atauma. Zinki amateteza m'njira ziwiri. Yoyamba, amaphimba. Yachiwiri ndiyo yofunika kwambiri: lata likakandika mpaka ayironi kuonekera, zinki wa pambali, pokhala pamwamba pamndandanda, ndiye amataya maelekitironi n'kuwakankhira mu ayironi. Okosijeni amakhuta maelekitironi a zinki, ayironi n'kutsala wosakhudzidwa, mpaka zinki wa pafupipo atatha. Chitini cha nsomba kapena cha mkaka chimachita zosiyana. Icho chinakutidwa ndi tini, yemwe ali pansi pa ayironi. Chikakhala chosakandika n'chotetezeka, koma chikangokandika n'kunyowa panja, ayironi ndiye amayamba kupereka maelekitironi, ndipo dzimbiri limathamanga kuposa pa chitsulo chosakutidwa.

Wodziwa zimenezi sangamange waya wa mkuwa mokhudzana ndi malata, kapena kulola madzi odontha pa mkuwa kugwera padenga, chifukwa zinki amadyeka msanga pamenepo. Sangakhomere malata ndi misomali wamba yosakutidwa. Sangasiye simenti yaiwisi kapena laimu pa lata, popeza zimadya zinki. Madzi a malambe kapena a bwemba, pokhala owawasa, si oyenera kugonekedwa m'ndowa yamalata: asidi wake amasungunula zinki, ndipo omwa akhoza kutsegula m'mimba ndi kusanza. Owotcherera zitsulo zokutidwa ndi zinki amadziwa utsi woyera umene umatuluka, ndi litsipa ndi kuzizidwa komwe kumabwera madzulo ake. Ntchito imeneyo ndi ya pabwalo, mphepo ikuchotsa utsi kumaso.

Wowerenga watcheru afunsa: thupi la injini ya boti ndi la aluminiyamu, ndipo aluminiyamu ali pamwamba pa zinki, nanga anode ya zinki ingamuteteze bwanji? Funso labwino. Aluminiyamu ndi wopupulumadi, moti akangokhudzana ndi mpweya amachita oxidation nthawi yomweyo. Koma chotuluka chake sichiyoyoka ngati dzimbiri. Ndi kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, kolimba, komata zedi, ndipo mukakapala kamameranso pompo. Kakhunguka kamachititsa aluminiyamu kukhala ngati chitsulo cha pansi, ndiye zinki amatha kudyeka m'malo mwake. Ndi kakhungu komweka kamene kamalola poto kukhala pamoto zaka osachita dzimbiri. M'madzi opanda mchere ngati athuwa zinki nayenso amakonda kumera chikuto choyera n'kugona tulo, ndipo anode ya magineziyamu ndiyo imagwira bwino. Anode iliyonse imafunika kukhudzana ndi chitsulo cha injini popanda penti kapena girizi pakati, ndipo ikadyeka theka isinthidwe. Nzeruyi si yatsopano. Humphry Davy anaiyesa mu 1824 pa zombo zankhondo za ku Britain, pomata zidutswa za zinki ndi ayironi pa mkuwa wokuta kunsi kwa zombozo.

Mukasiyanitsa wotaya ndi wolandira, n'kuwalumikiza ndi waya, maelekitironi amakakamizika kudutsa mu wayamo ndipo mwapanga batire. Alessandro Volta wa ku Italy anachita zimenezi mu 1800 posanjikiza timbale ta zinki ndi ta mkuwa, pakati pake ataikapo tinsalu tonyowa ndi madzi amchere. Msomali wamalata ndi waya wa mkuwa zobayidwa mu ndimu limodzi zimapereka pafupifupi volt imodzi. Zitsulo ziwiri zikatalikirana pamndandanda, ma volt amachuluka. Batire ya tochi yotsika mtengo ija, ya ma volt 1.5, chikho chake chenicheni ndi zinki, ndipo pamene tochi ikuwala chikhocho chikudyeka. Ikaiwalika mu wailesi imabooka n'kuchucha, n'kudya tizitsulo ta wailesiyo.

Batire ya galimoto ndi ya sola, yomwenso asodzi ambiri masiku ano amayatsira magetsi okopera usipa, inayambitsidwa ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859. Ili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chopereka ma volt pafupifupi 2.1, zonse pamodzi 12.6 ikadzaza. M'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu, mapuleti a lead dioxide (mtovu wogwirana ndi okosijeni), ndi sulphuric acid wosakaniza ndi madzi. Ikamagwira ntchito, mapuleti a mbali zonse ziwiri amasanduka mchere wa mtovu wotchedwa lead sulphate ndipo asidi amasukuluka. Chodabwitsa chake n'chakuti mukakankhiramo magetsi chobwerera, zonse zimabwerera mwakale. Kutchaja batire ndi kukakamiza maelekitironi kupita komwe sakanapita okha, ndipo pamenepa talowa mu electrolysis.

Electrolysis ndi kugwiritsa ntchito magetsi pophwasula chinthu chomwe pachokha sichingaphwasuke. Pamafunika magetsi oyenda mbali imodzi, a batire kapena a sola. A ESCOM a m'nyumba amatembenuka maulendo 50 pa sekondi, ndiye sangachite ntchitoyi pokhapokha atawongoledwa, komanso kuwayesa m'madzi ndi kudzipha. Pamafunika ndodo ziwiri zodutsitsa magetsi, zotchedwa ma electrode, ndi madzi okhala ndi ma ion omasuka, otchedwa electrolyte. Mawu oti omasuka ndi ofunika. Mchere wouma uli ndi ma ion ochuluka koma omangika, ndipo sudutsitsa magetsi. Usungunuke kaye, kaya m'madzi kaya ndi moto. Ma ion a pozitivu amapita ku ndodo ya negetivu, yotchedwa cathode, n'kulandira maelekitironi. A negetivu, omwe ndi okhala ndi maelekitironi owonjezera, amapita ku ndodo ya pozitivu, yotchedwa anode, n'kusiya awo. Apa ndi pomwe ana ambiri amagwera pamayeso, chifukwa mu batire yomwe ikupereka magetsi anode imakhala ya negetivu. Kuloweza zizindikiro n'kosathandiza. Chosasintha ndi ichi: pomwe pakuchitika oxidation ndiye anode, pomwe pakuchitika reduction ndiye cathode, kaya ndi mu batire, kaya mu electrolysis, kaya pansi pa dontho la madzi lija.

Chaka chomwecho cha 1800, William Nicholson ndi Anthony Carlisle ku London anamiza mawaya a batire ya Volta m'madzi n'kuona thovu mbali zonse ziwiri. Madzi anagawanika: haidirojeni ku cathode, okosijeni ku anode, haidirojeniyo kuwirikiza kawiri kuchuluka kwake, monga H2O ikunenera. Mungaone zomwezo ndi mapensulo awiri osongoledwa mbali zonse, batire ya ma volt 9, ndi tambula ya madzi othira soda wophikira therere. Pensulo ya ku negetivu idzachita thovu lambiri kuposa inzake. Musathire mchere m'malo mwa soda, chifukwa mchere umatulutsa mpweya wa klorini, womwe ndi woopsa kupuma.

Zimenezi zimachitikanso mu batire ya sola ikadzaza koma magetsi n'kumalowabe. Imayamba kubwata, madzi ake akugawanika n'kuthawa ngati mpweya. Chomwe chachepa ndi madzi, asidi akadali momwemo. Chotero oyenera kuwonjezeredwa ndi madzi a batire, osati asidi wina monga ena otchajitsa amachitira pofuna kuti batire ioneke yamphamvu, komanso osati madzi a pamjigo kapena a m'nyanja, omwe ali ndi ma ion owononga mapuleti. Haidirojeni wosakanikirana ndi okosijeni amaphulika ndi kamoto kochepa, ndiye ndudu, kandulo kapena kuthethekitsa mawaya pafupi ndi batire yomwe ikutchajidwa ndi kusewera ndi maso anu. Batire yolumikizidwa ku sola popanda kontirola imafa msanga ndi kubwata kumeneku. Yosiyidwa itatheratu kwa milungu nayo imafa, chifukwa lead sulphate uja amauma n'kukhala timiyala tokana kubwerera.

Madzi akakhalapo, amapikisana ndi ma ion ena, ndipo mndandanda uja ndiwo umaweruza. Mchere wosungunulidwa ndi moto, pa madigiri oposa 800, umapereka chitsulo cha sodiyamu ku cathode ndi klorini ku anode. Mchere womwewo m'madzi supereka sodiyamu. Ma ion a sodiyamu safuna kulandiranso elekitironi yomwe anaitaya mosavuta, ndiye madzi ndi omwe amalandira, n'kutuluka haidirojeni. Lamulo lake n'lakuti chitsulo chikakhala pamwamba kwambiri kuposa haidirojeni, m'madzi mumatuluka haidirojeni. Chikakhala pansi pake, monga mkuwa ndi siliva, chimatuluka chitsulocho. Davy anatulukira potaziyamu ndi sodiyamu mu 1807 atasiya madzi n'kugwiritsa ntchito zosungunulidwa ndi moto.

Madzi amchere wambiri akadutsitsidwa magetsi m'mafakitale amapereka zinthu zitatu nthawi imodzi: klorini, haidirojeni, ndi caustic soda yemwe amayi opanga sopo m'magulu amamudziwa bwino ndi kuwotcha kwake. Klorini amene ankathiridwa m'zigubu pa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inasautsa kwambiri boma la Mangochi, gwero lake ndi limeneli. Ndipo amapha tizilombo ndi oxidation yomweyo, polanda maelekitironi m'zinthu zomwe zimapanga thupi la kachilombo.

Za kukuta zitsulo sindichedwapo. Chinthu chofuna kukutidwa chimamangidwa ku cathode, n'kumizidwa m'madzi okhala ndi ma ion a chitsulo chokutiracho. Ndi mmene amawalitsira mahandulo a njinga, ndi mmenenso amapangira ndolo zooneka zagolide zomwe zimasuluka Khirisimasi isanafike, chifukwa chikutocho n'chopyapyala kuposa tsitsi. Mkuwa wa ku Zambia umayeretsedwa chimodzimodzi: wosayera umakhala anode n'kusungunuka, woyera umamera pa cathode mpaka kufika 99.99 peresenti, ndipo golide ndi siliva, posafuna kusungunuka, zimagwa pansi ngati matope omwe eni fakitale sataya.

Michael Faraday, yemwe anayamba ngati wothandizira Davy, anasonyeza m'zaka za m'ma 1830 kuti kuchuluka kwa chitsulo chotuluka kumadalira kuchuluka kwa magetsi omwe adutsa, kutanthauza ma amp kuchulukitsa ndi nthawi. Amp imodzi ikayenda ola limodzi imatulutsa mkuwa wokwana magalamu pafupifupi 1.2. Ya aluminiyamu imatulutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a galamu basi, chifukwa ion yake imafuna maelekitironi atatu pomwe ya mkuwa imafuna awiri, komanso atomu yake ndi yopepuka. Tiwerengetsere. Kilogalamu imodzi ya aluminiyamu imafuna ma amp-hour pafupifupi 3,000, pomwe batire yaikulu ya sola ya pakhomo imasunga 100. Palibe luso lomwe lingachepetse chiwerengero chimenechi, chifukwa ndi kuwerenga maelekitironi chabe.

Njira yomwe imagwiritsidwa ntchito mpaka lero inatulukiridwa mu 1886 ndi anyamata awiri osadziwana, Charles Martin Hall ku America ndi Paul Héroult ku France, onse obadwa mu 1863, ndipo onse anamwalira mu 1914. Miyala ya aluminiyamu, yotchedwa bauxite, imayamba yatsukidwa ndi caustic soda kuti patsale ufa woyera wa alumina. Ufawu susungunuka mpaka madigiri oposa 2,000, koma iwo anapeza kuti umasungunuka mu mchere wina wotchedwa cryolite, wosungunulidwa pa madigiri pafupifupi 950. M'chiphika chachikulu choyalidwa kaboni, aluminiyamu wamadzi amadikha pansi, pa cathode. Okosijeni amapita ku ma anode a kaboni n'kuwatentha kukhala carbon dioxide, moti amasinthidwa pafupipafupi. Kilogalamu iliyonse imadya mayunitsi a magetsi 13 mpaka 15, ndipo ziphikazo sizifuna kuzimitsidwa. Magetsi akathima maola angapo, zam'kati zimauma gwa, chiphika n'kuwonongeka.

Nkhani ya bauxite wa pa Lichenya m'phiri la Mulanje ikamabuka, anthu amakamba za mitengo, madzi ndi alendo okaona phiri, ndipo zonsezo n'zoona. Koma kawirikawiri za magetsi zimatsalira m'mbuyo, chonsecho ndi pomwe pagona nkhani. Fakitale ya Mozal pafupi ndi Maputo, yomwe inayamba kutulutsa aluminiyamu mu 2000, ikamagwira ntchito mokwanira imadya magetsi oposa onse opangidwa ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira kuphatikiza pamodzi. Amene akulonjeza fakitale ya aluminiyamu muno ayenera kuyamba wanena komwe atenge magetsi osathima ochuluka chotero. Kupanda apo tidzangokumba miyala n'kutumiza kunja, phindu lenileni n'kukapangidwira kwina. Mchenga wakuda wa kwa Makanjira, wokhala ndi titanium, uli ndi vuto lofanana: makala okha sangatulutse chitsulo choyera, pamafunika klorini ndi magineziyamu, ndipo klorini amachokera ku electrolysis.

Amisiri oumba mapoto ndi zidutswa zakale ndiwo amadya phindu la magetsi omwe wina analipira kale. Pisitoni yakufa, chitini cha zakumwa ndi poto wobooka ndi aluminiyamu yemwe maelekitironi ake anabwezeredwa kale ku fakitale, ndiye chotsala n'kungomusungunula pa madigiri 660, zomwe makala ndi chopemerera zimakwanitsa, n'kuthira m'chikombole cha mchenga. Kubwezeretsa kotere kumadya pafupifupi 5 peresenti ya mphamvu yopangira watsopano. Chofunika kusamala ndi zomwe zikulowa m'chiphikacho, chifukwa zidutswa zowotchereredwa ndi mtovu zimalowetsa mtovuwo mu poto wophikira nsima ya ana. Pamwamba pa aluminiyamu wosungunukayo pamayandama chiphulusa chotuwa chomwe mmisiri amachikokolola n'kutaya pambali. Mbali yaikulu ya chimenecho ndi aluminiyamu yemwe wagwirananso ndi okosijeni, ndipo ng'anjo ya makala singamubwezenso. Tizidutswa topyapyala ngati zitini timatulutsa chiphulusa chambiri kuposa zidutswa zonenepa, chifukwa malo ake okhudzana ndi mpweya ndi aakulu. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wazipondereza zitinizo kukhala chibuluma, n'kuzimiza pansi pa chitsulo chomwe chasungunuka kale, ndipo savundula kwambiri.